Mpango wa Amayi pa Moto wa ku Pistoia

Pistoia, Italiya
4 Febuluwale 1945

Mlongo wanga Zuleide,

Ndili moyo. Uwauze amayi azimitse makandulo aja, asandilire ndisanafe. Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Pesqueira, ndi mbuzi zomwe.

Zala ziwiri za phazi lamanzere ndazisiya kumapiri. Si Mjeremani wandiwombera ayi, chisanu ndicho chadya. Anzanga aja ndinkaphunzira nawo zamalamulo ku Recife, ana a eni minda ya nzimbe, akuvina kumeneko ndi zala zawo zonse. Ine amene anandithamangitsa chifukwa chouza mphunzitsi zoona ndikuyenda ngati bakha. Koma zisiye izo, tamva nkhani!

Nditatuluka m'chipatala sanandibwezere kunkhondo. Andiika pa Nyumba ya Msilikali. Zuleide, ukanaona! Inali sukulu ya asisitere, tsopano bungwe la amayi achifundo laisandutsa malo opumulirako asilikali wamba, ife opanda nyenyezi paphewa. Munthu amatsika kumapiri ali ndi nsabwe zoti ungakolole m'dengu. Timam'patsa madzi otentha, sopo, fodya ndi bedi la nsalu zoyera. Dzulo chimunthu china cha ku Piauí chinakana kukwera pabedi, ati layera kwambiri. Chinagona pansi pambali pake, nsapato chili chivalire. Ntchito yanga ndi kulandira anthu pakhomo ndi kulembera makalata amene sanagwirepo cholembera. Zaka zitatu za ku yunivesite zathera pa "Maria wanga, ndakusowa."

Vuto linali chakudya. Amereka amatitumizira nyama ya m'chitini yotsekemera ngati mankhwala a chifuwa, ndi khofi woti ungasambitsire khanda. M'khitchini muli mayi wa konkuno, dzina lake Nerina, mwamuna wake anafera kunkhondo ku Rasha. Tsiku loyamba ndinamuuza kuti nyemba zake zili ngati mabatani a jekete. Anangondipatsa chipande n'kundilozera mphika. Ndinapsereza zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi! Tsopano timaphika awiri, ine pakamwa, iye manja, ndipo asilikali akunyambita mbale.

Chikusowa ndi ufa wa chinangwa wokazinga. Nyemba zopanda ufa umenewo ndi maliro opanda wolira. Tumizani msanga, ndi phala louma la magwafa ngati lilipo.

Undipemphere dalitso kwa amayi.

Mchimwene wako,
Aderbal

Pesqueira, Brazil
10 Malichi 1945

Achimwene,

Moni. Tili bwino, mbuzi nazo zikupereka moni kwa mbale wawo.

Kalata yanu ndinawawerengera amayi kawiri. Pa zala analira. Pa nsabwe anaseka. Pa Nerina anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anafunsa kuti, "Mayi ameneyu ali ndi mano onse?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Mwana wanga sayamikira munthu. Abambo ake sanawayamikirepo, bishopu sanam'yamikirepo. Lero akuyamikira wophika nyemba? Apa pali utsi."

Ufa tatumiza, wokazinga ndi manja a amayi. Phala la magwafa wapereka ndi Dorinha, mwana wa ogulitsa mankhwala. Amabwera pano Lamlungu lililonse kudzafunsa za phazi lanu, ndipo amayi amam'khazika pampando wa malemu abambo. Mwamva? Pampando wa abambo. Ine ndangonena.

Msewu wonse wadziwa kuti mumagona pansalu zoyera. A Dona Filó apakhomo lachiwiri ati mwana wawo Nestor akadzafika panyumba yanuyo mudzam'patse bedi la pafupi ndi moto, ali ndi chifuwa. Ndawauza kuti Italiya ndi yaikulu kuposa Pesqueira, sanandikhulupirire.

Tatiuzani zoona, achimwene. Ali ndi mano onse?

Mlongo wanu,
Zuleide

Pistoia
9 Meyi 1945

Amayi,

Ndidalitseni. Nkhondo yatha! Yatha, amayi! Mabelu a matchalitchi akulira kuyambira dzulo, ndipo wansembe wina wokalamba wandipsompsona masaya onse awiri ndisanathawe. Panyumba pano palibe poponda. Mabedi atha, anthu akugona m'makonde, wina wagona m'bafa. Sajeni Tibúrcio wa ku Paraíba, amene amayang'anira nyumbayi, waimba kodiyoni, choimbira chake chokoka ndi kufinya, mpaka lamba waduka.

Ufa wanu unafika pa nthawi yake. Nerina anauika patebulo m'mbale ya asisitere, ya maluwa m'mbali. Amuna oti anaona anzawo akuduka miyendo osagwetsa msozi analira chifukwa cha ufa wa chinangwa. Wina anathira pang'ono m'thumba la malaya, ati akaununkhize pogona.

Tsopano khalani pansi. Ndikufuna kukwatira Nerina. Mano ali nawo onse, auzeni a Zuleide. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, ndi wamasiye, alibe munda, alibe mbale wotsala, nyumba yakwawo inagwetsedwa ndi mabomba. Ndanena zonse ndekha kuti a Dona Filó asavutike kufufuza. Phazi langa litatukusira m'mwezi wa Malichi ndi iye ankalitsuka m'mawa ndi madzulo, kwinaku akunditukwana m'chiyankhulo chake kuti ndileke kulira ngati mwana wa mbuzi. Munthu wonditukwana bwino chonchi sindinam'pezepo chichokereni m'nyumba mwanu.

Ine ndikanangopita kwa wansembe wa asilikali mawa. Mukundidziwa. Koma iyeyu wakana. Akuti, "Sindiwoloka nyanja kukalowa m'nyumba imene mayi wake sanandidalitse. Ndataya nyumba imodzi, sindikufuna kukakhala mlendo mu yachiwiri." Ndam'kalipira, ndam'nyengerera, ndam'fotokozera malamulo a mayiko awiri. Akungopitiriza kusenda anyezi.

Choncho zili m'manja mwanu. Sitima zayamba kukonzedwa, ndipo msilikali womaliza akadzachoka nyumba ino idzatsekedwa. Popanda dalitso lanu ine ndikwera ndekha, iye atsala pano pa mabwinja. Sindinakupempheni kanthu pamene anandithamangitsa ku Recife. Ichi chokha ndikupempha.

Mwana wanu,
Aderbal

Pesqueira
28 Meyi 1945

Mwana wanga,

Mulungu akudalitse. Ndalemba ndekha ndi dzanja langa, usaseke zilembo. Zuleide ali ndi zochita zambiri.

Ndathokoza Mulungu kuti nkhondo yatha. Ndathokozanso mayi ameneyo chifukwa cha phazi lako. Munthu wotsuka bala la mwana wako sum'thokoza ndi pakamwa pokha. Kwathu kuno tili ndi njira yake.

Tsiku la Yohane Woyera layandikira. Ngakhale muli kutali, musalisiye lipite mumdima. Musonkhe moto pabwalo la nyumba yanuyo monga timachitira kuno. Dzuwa likalowa mutenge zikuni ziwiri zoyaka, muzipingase pansi. Umugwire dzanja mayiyo, muwoloke zikunizo katatu, munene mawu aja, kuti akhale wa pabanja pathu pamaso pa Yohane Woyera. Ine sindingawoloke nyanja ndi mawondo angawa. Undichitire ndiwe.

Ndatumiza mpango wanga wofiira uja ndimavala pa chikondwerero. Ukhalepo pamotopo.

Za ukwati tidzakamba moto ukazima. Zinthu zili ndi ndondomeko yake.

Mayi wako,
Quitéria

Pesqueira
13 Juni 1945

Achimwene, MUSAWOLOKE MOTO!

Moni ndipereka tsiku lina. Ndikulemba ndili chiimire ku positi. Lero ndawamva amayi akuseka ndi a Dona Filó kuseri kwa mpanda, ndipo ndadziwa zimene anakulemberani mondibisira.

Inu munachoka pano muli wamng'ono kupita kusukulu ya ansembe, ndipo mukabwera patchuthi munkati zonsezi ndi zamidzi. Ndiye tamverani. Mwamuna ndi mkazi akawoloka moto wa Yohane atagwirana manja, amakhala mchimwene ndi mlongo wa pamoto mpaka imfa. Sakwatirana! Mwaiwala za Zé Preto ndi mlongo wake wa pamoto uja anathawa naye? Mpaka lero palibe amagula mkaka wawo, ndipo ana amati usiku amasanduka moto woyenda. Amayi akuti, "Ndam'patsa mkaziyo ulemu woposa ukwati. Adzandiuza chiyani? Dorinha asoke diresi."

Ndawauza kuti ndi nkhanza. Anditcha mwana wa njoka. Ndati njokayo ndi ndani?

Ndalipira ya pandege. Yohane Woyera aithamangitse kalatayi, ngakhale ikutsutsana ndi moto wake.

Zuleide

Pistoia
24 Juni 1945

Amayi,

Ndidalitseni. Moto tasonkha, waukulu kuposa wa pa tchalitchi cha kwathu. Nerina wawoloka katatu, dzanja lake m'dzanja langa. Mpango unalipo. Mboni ndi nyumba yonse. Zonse zachitika monga munalamulira. Ndikusangalala kwambiri, sindingathe kulemba zambiri.

Aderbal

Pesqueira
12 Julayi 1945

Mwana wanga,

Mulungu akudalitse. Wandisangalatsa. Ndauza msewu wonse.

Tsopano tikambe za ukwati monga ndinalonjeza. Ukwati palibe. Mayi ameneyo ndi mlongo wako wa pamoto. Ukadzam'tchula uzim'tchula mwaulemu, ukadzapeza bwino uzim'tumizira kangachepe pa Khirisimasi. Koma kum'kwatira, ngakhale kuganiza kokha, ndi tchimo.

Usandiyankhe ndi Chilatini chako. Chimene chamangidwa pa moto wa Yohane sachimasula wansembe, sachimasula bishopu, sachimasula woweruza. Kaya munthu anadziwa kaya sanadziwe, kaya moto unali kuno kaya kutsidya kwa nyanja, chibale chake ndi chimodzimodzi. Amene achikana, ine Quitéria sindidya naye m'mbale imodzi. Ndanena pamaso pa a Dona Filó, ndalemba ndi dzanja langa.

Udzandithokoza ukadzakula. Zuleide sakundiyankhula, koma njala idzam'yankhulitsa.

Bwera kwanu. Dorinha wanenepa bwino.

Mayi wako,
Quitéria

Pistoia
30 Julayi 1945

Amayi okondedwa,

Ndidalitseni. Ha! Kalata yanu ndaiyembekezera mwezi wathunthu monga mlimi ayembekezera mvula. Itafika ndinavina pakhonde ndi phazi langa lomweli. Ndawawerengera anthu onse m'chipinda chodyera, ndipo aombera m'manja pa mawu aja akuti sachimasula wansembe, sachimasula bishopu. Amayi, munalemba bwino kuposa aphunzitsi anga onse a ku Recife.

Ya Zuleide inafika moto utazima kale, mumuuze asadandaule. Sinkafunika. Mukuganiza kuti ndinakulira m'nyumba ya yani? Ndinkaseka miyambo yanu, inde, koma munthu saseka chinthu chimene sachidziwa. Nditangowerenga za zikuni ziwiri ndinadziwa msampha. Ndinalowa mosungira zofunda ndi kutseka chitseko. Ndinati basi, ku Pesqueira sindidzapondako, ndifera konkuno ndikutsuka mabafa.

Nerina anandipeza momwemo. Anati, "Walira chiyani, bakha iwe?" Ndinamumasulira zonse, osabisa kanthu. Ndinkayesa alira kapena aswa mbale. Anakhala pa mulu wa mabulangete n'kufunsa kuti, "Pamoto pamenepo amangopanga alongo okhaokha?" Ndinati ayi, ena amapanga mayi ndi mwana wa pamoto. Anati, "Nanga mayi wa pamoto amatani?" Ndinati mwanayo akapempha dalitso, mayiyo saloledwa kukana, kaya ali pamsewu, kaya akwiya, kaya ali pa bedi la imfa. Anatenga mpango wanu, anaununkhiza, n'kundimanga nawo kumutu. Anati, "Mayi ako alemba kuti sangawoloke nyanja, uwachitire ndiwe. Ndiye achitire."

Amayi, mukanaona tsikulo! Nkhuni tinathyola mabokosi a nyama ya m'chitini ija, yagwirako ntchito kamodzi. Chimanga chachiwisi kunalibe, tinaotcha mbatata. Kodiyoni ya Sajeni Tibúrcio tinaimanga ndi chingwe cha nsapato. Dzuwa litangolowa ndinatuluka m'khitchini mpango wanu uli kumutu, tebulokolofu ya asisitere ili m'chiuno. Bwalo lonse linagwa ndi phwete.

"A Dona Quitéria, mwafika liti? Ndevuzo mwayamba liti?"

"Amayi, phazilo latani? Akupondani abambo?"

"Agogo, tivine kamodzi, nkhondo yatha!"

Nestor wa a Dona Filó analipo, inde anafikadi, ndipo ndinam'patsa bedi la pafupi ndi moto. Iye ndiye ankakuwa kuposa onse.

Koma Sajeni Tibúrcio sanaseke. Anaika kodiyoni pansi nati, "Iwe loya wosapsa, moto wa Yohane si sewero. Waima apa ngati ndani?" Ndinati, "Ngati Quitéria wa ku Pesqueira, amene wandituma. Anthu amabatizitsa ana kudzera mwa nthumwi, amakwatira kudzera mwa nthumwi. Mwini wake wati ndim'chitire, ndipo chizindikiro chake ndi ichi chili kumutuchi." Anayang'ana mpangowo nthawi yaitali, anavula chipewa, nati, "Aliyense atseke pakamwa. Pano pali mayi."

Ndipo kunakhaladi zii. Nerina anandigwira dzanja. Tinawoloka katatu. Iye ankati, "Yohane wanena, Petro wavomereza, inu ndinu mayi wanga." Ine ndinkayankha m'malo mwanu kuti, "Yohane wanena, Petro wavomereza, iwe ndiwe mwana wanga." Ulendo wachitatu ndinapukuta maso ndi nsonga ya mpango wanu. Unali utsi.

Ndiye Aderbal sanawoloke moto ndi munthu aliyense. Munawoloka ndinu. Nerina si mlongo wanga wa pamoto, ndi mwana wanu wa pamoto, ndipo mwana wa pamoto wa mayi ake munthu amam'kwatira, a Dona Filó omwewo anakwatiwa choncho. Kaya munadziwa kaya simunadziwe, chibale chake ndi chimodzimodzi. Amene achikana simudya naye m'mbale imodzi. Ndiye mudya bwanji, amayi?

Nyumba ino itsekedwa mwezi wa Seputembala. Mabedi ayamba kale kupasulidwa. M'munsimu walemba yekha, ndinangom'gwirira pepala.

Mwana wanu,
Aderbal

Amayi anga a pamoto, ndidalitseni. Nerina.

Pesqueira
19 Ogasiti 1945

Achimwene, bakha wa amayi,

Moni! Ndikulemba mothamanga, mukhululuke zilembo.

Kalata yanu amayi anawerenga okha pakhonde, chala chikutsata mzere. Atamaliza anaipinda n'kulowa m'nyumba. Tsiku lonse mbuzi sanazitukwane, ine sanandikalipire. Ndinachita mantha.

M'mawa mwake a Dona Filó anabwera ndi kalata ya Nestor, imene inanena zonse, mpaka za tebulokolofu. Anaima pampanda nati, "A Quitéria, mwatchera msampha, mwakodwamo nokha mwendo." Amayi anati, "Mwana wanu wa chifuwa uja anagona pafupi ndi moto chifukwa cha mwana wanga. Pitani mukaphike." Kenaka a Filó anati mwina sizikuwerengedwa, poti nthumwi inali yamwamuna. Ndinaona amayi akulimbana nazo. Khomo linali lotsegula, achimwene, akanatha kutulukirapo. Msewu wonse ukanawavomereza.

Koma amayi anafunsa ine kuti, "Mkaziyu anamva zonse zimene ndinam'konzera?" Ndinati anamva. "Ndiye n'kupemphabe dalitso langa?" Ndinati mwawerenga nokha. Anayang'ananso kamzere kokhotakhota kaja ka m'munsi.

Ndiye anaimirira nati, "Zuleide, tenga nkhuni." Ndinati amayi, uno ndi Ogasiti, ndiponso dzuwa lili pamutu. Anati, "Yohane sagona mwezi wa Ogasiti. Ine sindingalole kuti anthu azinena kuti Quitéria anawoloka moto ndi ndevu, akutsimphina, atavala nsalu ya patebulo. Mbali yanga ndiyenda ndekha."

Tinasonkha moto pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu anadzaza mpanda, ana anakwera mumtengo wa magwafa. Ine ndinaima m'malo mwa Nerina. Amayi anakwinya diresi mpaka m'mawondo aja amati sagwira ntchito, anandifinya dzanja ngati akufuna kulithyola, ndipo tinawoloka katatu. Mawu ananena mokweza kuti amve ndi ogulitsa mankhwala omwe. Dorinha analira pang'ono, koma ndamva kuti kalaliki wa ku siteshoni akumutonthoza kale.

Tsopano akuchapa machila ogonapo atsopano aja anasungira alendo olemekezeka. Mpando wa abambo aupukuta. Akufunsa ngati anthu a ku Italiya amadya mbuzi. Thamangani kwa wansembe nyumbayo isanatsekedwe!

Amayi andilanda cholembera.

Zuleide

Nerina, mwana wanga, Mulungu akudalitse. Bwera. Pakhomo pano pakufunika munthu mmodzi wanzeru.

Iwe Aderbal, dalitso lako silikwera ndege. Udzalipempha pano utagwada, ndi zala zako zisanu ndi zitatu. Mpango wanga ubwere nawo wochapa.

Quitéria